Juwisi wobiriwira sangalowe m'malo mwa ndiwo zamasamba

Achemwali, mwafunsa ngati juwisi wa masamba uja angalowe m'malo mwa ndiwo zamasamba, poti mumaweruka dzuwa litalowa ndipo kuphika kukukulemerani. Mwatinso mukufuna muziwapatsako mayi anu amene ali ndi shuga ndi BP. Yankho langa ndi ayi. Za makina abwino ofinyira juwisi akuuzani ena, ine ndikamba za zimene zimalowa m'mimba, chifukwa juwisi ameneyu anatigoneka kuchipatala kwathu kuno.

Bambo a kunyumba anayamba chaka chatha mu Januwale, nthawi imene bonongwe amangomera yekha kuseri kwa nyumba. Amafuna achepetse mimba. M'mawa uliwonse amatenga sipinachi wodzaza manja awiri, bonongwe wosaphika, bitiruti, maapulo awiri ndi kachidutswa ka jinja, n'kufinya zonse m'makina. Kapu yake inali ya theka la lita. Masana ndikawaikira mpiru pambali pa nsima amaukankha, amvekere "masamba ndamwa kale." Ine ndinkaona ngati akuchita bwino, ndipo masiku ena ndinkawatsukira ndekha masambawo. Patatha miyezi inayi anadzuka pakati pa usiku akubuula, atagwira m'nthiti cha kumsana. Ululu umatsikira kuchinena, akusanza, mkodzo uli ndi magazi. Sindinawaonepo akulira chikwatirane, koma usiku umenewo analira. Atawajambula anapeza timiyala mu impso. Adokotala atafunsa zimene amadya tsiku ndi tsiku, n'kumva za kapu ija, anawaletsa pomwepo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti sipinachi, bonongwe ndi bitiruti zili ndi mchere wina wochuluka wotchedwa oxalate. Mcherewu ukachuluka mumkodzo umagwirana ndi kashiamu n'kupanga timiyala, ndipo timiyala tambiri ta mu impso timapangika motero. Masamba omwewo mukawawiritsa n'kutaya madzi oyamba, gawo labwino la oxalate limapita ndi madziwo. Mukadyera limodzi ndi usipa kapena matemba, amene timadya ndi minga yomwe, kashiamu wa m'mingamo amagwira oxalate m'matumbo momwemo n'kutuluka naye kuchimbudzi asanafike ku impso. Onani tsono kusiyana kwake. Bonongwe wa pambale ndi wophika, ndi wochepa, ndipo ali ndi anzake. Wa m'kapu ndi wamuwisi, ndi wochuluka kuposa amene munthu angatafune, ndipo amalowa yekha m'mimba yopanda kanthu, tsiku lililonse. Sindikunena kuti aliyense womwa juwisi adwala impso. Ndikunena kuti zinatichitikira, ndipo ngati kubanja kwanu wina anadwalapo timiyala, musayerekeze n'komwe.

Ngakhale impso zanu zikhale zolimba, pali chinthu chimene makina ofinyira amakuberani. Mukamaliza kufinya, tsegulani kuseri kwa makinawo muone zotsalira zimene mukukataya. Umo ndimo muli fayiba. N'chimodzimodzi kukonola chimanga: ufa woyera umaoneka bwino, koma gaga wapita ku nkhumba, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake kuchipatala amauza odwala shuga kuti azidya mgaiwa. Fayiba ndi amene amakhutitsa, amaletsa kudzimbidwa, amadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo, komanso amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 a fayiba patsiku. Mu juwisi wosefedwa mumatsala pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake bambo a kunyumba ikamakwana 10 koloko amakhala atamva kale njala, n'kugula mandasi kuntchito. Mimba imene amafuna kuchepetsa ija sinasinthe.

Za mayi anu ndiye ndikupempheni mundimvetsetse. Juwisi wa masamba okhaokha ndi wowawa, palibe amene amamwa masiku atatu otsatizana. Kuti amweke, ogulitsa amathiramo maapulo, chinanazi kapena nthochi, ena mpaka uchi. Mtundu umakhala wobiriwira, koma chimene chikukoma ndi shuga. Kapu imodzi ya juwisi wa maapulo imakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 6, ndipo popeza fayiba wachotsedwa, amalowa m'magazi mothamanga. Kwa munthu wa shuga zimenezi n'zoopsa. Kuopsa kwina kuli mbali inayo: ngati mayi amamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena amabaya insulin, ndiye adumphe chakudya poti amwa juwisi, shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Komanso shuga ndi BP zikakhalitsa zimafooketsa impso mwakachetechete, ndipo impso zofooka zimalephera kutulutsa mchere wotchedwa potaziyamu, amene ndi wochuluka m'masamba ofinya. Potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Ngati amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, vitamini K wa m'masamba obiriwira akachuluka mwadzidzidzi amawachepetsa mphamvu. Tsiku lawo la kiliniki likafika, pitani nawo, mutenge ndi buku lawo la kuchipatala, mufunse musanawapatse ngakhale kapu imodzi.

Ndaona ena akuyankhani kuti juwisi "amatsuka magazi" ndipo "amachotsa poizoni m'thupi." Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mawu omwewa ndi amene anakopa mwamuna wanga. Ntchito yosefa magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku popanda juwisi. Winanso walemba kuti masamba alionse amene muli nawo pakhomo mukhoza kufinya. Ayi ndithu. Chigwada chamuwisi chili ndi poizoni wa cyanide. Agogo athu sankachisinja mumtondo n'kuchiwiritsa nthawi yaitali chifukwa chosowa chochita, ankadziwa kuti chikapanda kutero chimaledzeretsa, ndipo chikhoza kupha. Chigwada chisalowe mu blenda kuti mumwe, ngakhale tsamba limodzi.

Kumbukiraninso kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Masamba ambiri a m'tauni amachokera m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, ndipo madzi othirira tonse timawaona mmene alili. Pamsika amawawazanso madzi a m'chigubu kuti asafote. Moto umapha tizilombo timeneti, makina ofinyira sapha kanthu. Botolo limene mwagula kwa munthu, simukudziwa kuti masambawo anatsukidwa ndi madzi anji, kapena lakhala maola angati magetsi atazima.

Pali chinanso chimene ophika athu anachidziwa kalekale. Vitamini A wochokera m'masamba obiriwira amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi, ndipo kuphika pang'ono kumafewetsa tsamba kuti amasuke. Ndiye nkhwani wotendera, kapena chisoso chothira nsinjiro ndi tomato, si chakudya cha osauka monga ena amaganizira. Nsinjirozo zimabweretsa mafuta ndi zomanga thupi pamodzi. Kapu ya juwisi ilibe zimenezi. Inde, vitamini C wina amaonongeka pamoto, apo a juwisi akunena zoona. Koma vitamini C mumupeza m'magwafa, m'malambe, m'mango ndi m'malalanje, ndipo chipatso n'chofunika kutafuna, osati kufinya. Chimene chimaononga kwambiri mavitamini m'khitchini mwathu ndi soda uja timathira kuti masamba afewe msanga, ndi kuwiritsa mpaka tsamba lida. Siyani soda, phikani mphindi zochepa mphika uli wovindikira, muphule akadali obiriwira.

Pa kuchuluka kwake, WHO imati masamba ndi zipatso pamodzi zikwane magalamu 400 patsiku, ndipo mbatata ya kachewere ndi chinangwa siziwerengedwa. Ku Britain amagawa mlingo umenewu m'magawo asanu a magalamu 80, ndipo juwisi amamuwerenga ngati gawo limodzi lokha, mamililita 150, ngakhale mutamwa botolo lonse. Limenelo ndi theka la botolo lagalasi la Fanta. Magawo anayi otsalawo ndi a pambale basi.

Ndiye mtengo. Botolo la juwisi wobiriwira m'malo amene ndaonako mu Lilongwe linkayambira cha m'ma K4,000 kukafika K7,000, kutengera kuti mwagula pati. Ufa wobiriwira wa m'zitini uja amabweretsa kuchokera ku Johannesburg, mnzanga wina anagula cha m'ma K40,000 ndipo sunathe mwezi. Mpukutu wa mpiru kapena repu ndinkagula K300, mwina K500 nyengo ikavuta. Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, koma kusiyana kwake kukhalabe komweko: ndalama ya botolo limodzi ndi masamba a banja lonse kwa sabata.

Ine malo anga ogulako masamba ndi Lizulu, pamsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Ndikamadutsa sindilephera kuima. Kabichi, karoti, anyezi, tomato, zitheba, chayinizi, zonse zatsopano, ndipo ukagula zambiri amakuikira basera. Ngati muli ndi wachibale amene amayenda msewu umenewu, mutumeni. Musagule kwa oyamba amene athamangira pawindo la galimoto, tsikani mulowe mkati.

Vuto lanu lenileni ndi nthawi, ndipo limenelo ndikulimvetsa chifukwa nanenso ndimagwira ntchito. Ine ndimachita chonchi. Lamlungu madzulo ndimasadzula nkhwani, kudula mpiru ndi kholowa, kufwafwaza mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzi owira, kukhetsa, n'kuika m'timapepala ta pulasitiki mufiriza, kapepala kamodzi ka tsiku limodzi. Ndikaweruka ndimangokazinga anyezi ndi tomato, kuponyamo masamba, mphindi zisanu zakwana, madzi a nsima asanawire n'komwe. Ngati firiji mulibe kapena magetsi akuvuta kwanuko, mfutso ulipo. Chitambe ndi khwanya zofutsa zimakhala miyezi, ndipo amayi a kumudzi akamabwera ndimawapempha zimenezo m'malo mwa nkhuku. Masana kuntchito, karoti awiri ndi nkhaka yosenda m'kabokosi zimakwana m'chikwama.

Ngati mtima uli pa juwisi ndithu, inuyo osati mayi, mugwiritse ntchito blenda ndipo musasefe, kuti fayiba atsalemo. Mutenge nkhaka, repu pang'ono, ndimu ndi chipatso chimodzi chokha, sipinachi ndi bonongwe muzisiyire mphika. Masambawo mutsuke ndi madzi othira klorini, mumwe nthawi yomweyo, kapu yaing'ono, kawiri kapena katatu pasabata, ndipo madzulo ndiwo zamasamba zikhalepo pambale monga mwa masiku onse. Bambo a kunyumba pano amamwa madzi ambiri monga anawauzira adokotala, ndipo mpiru uja ankaukankha amaumaliza wonse. Makina ofinyira tinagula cha m'ma K90,000 aja ali pamwamba pa kabati chichokereni kuchipatala, ndipo anthu awiri atandipempha kuti ndiwagulitse ndinakana.