Mpeniwo usiyeni kaye, yambani ndi funso

Achimwene, mwati inu ndi anzanu mwapatsidwa ntchito kusukulu yojambula mphindi ziwiri zoyambirira za filimu ya psychological thriller, kutanthauza filimu yochititsa mantha posewera ndi maganizo a munthu. Mwaganiza zoyamba ndi mtsikana akuthawa m'tchire usiku, munthu wa mpeni ali pambuyo, kenako mtsikanayo n'kudzidzimuka pabedi, kupeza kuti amalota. Ndiye mukufunsa ngati zili bwino, komanso kapangidwe ka magazi abodza.

Langa ndi lakuti mpeni, magazi ndi malotowo muzisiye. Sindikukugwetsani ulesi ayi, ndikufuna kuti ntchito yanu ioneke. Kuthamangitsana mumdima n'kovuta kujambula, ndipo kamera ya foni ikasowa kuwala imatulutsa zithunzi zokhala ngati zawazidwa mchenga. Za maloto nazo zimakhumudwitsa, chifukwa owonera amaona kuti mantha onse aja anangovutika nawo chabe. Koma chachikulu n'chakuti mufilimu yamtunduwu choopsa chimakhala m'mutu mwa munthu. Owonera azikayika ngati munthu amene akumuyang'anayo mutu wake ukuyenda bwino, kapena ngati zimene akuonetsedwazo zikuchitikadi.

Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anapereka chitsanzo cha bomba. Anthu awiri akucheza patebulo, bomba n'kuphulika mwadzidzidzi, owonera adzidzimuka kwa masekondi 15 basi. Koma mukayamba mwawaonetsa kuti pansi pa tebulopo pali bomba komanso nthawi imene liphulike, macheza opanda pake omwewo amawagwira mtima kwa mphindi 15. Ndiye musanagwire kamera, khalani pansi nonse mugwirizane chimene owonera azidziwa ndi chimene muwabisire. Kenako lembani chiganizo chimodzi chokha: funso limene munthu akhale nalo mphindi ziwirizo zikatha. Chithunzi chilichonse chimene sichikuthandiza funsolo chichoke, ngakhale chikongole bwanji.

Tiyerekeze motere. Kamera yayandikira dzanja la bambo wina amene akusita malaya a mwana. Nthunzi ikutuluka, iye akuwongola kolala mosamala kwambiri, mpaka kubwerezanso pamalo powongoka kale. Osatembenuka, aitana kuchipinda kuti, "Fulumira, uchedwa." Palibe woyankha, koma iye amwetulira ngati wayankhidwa. Apinda malayawo n'kuwasanja pamwamba pa ena ambiri, onse ofanana, onse ositidwa kale. Akamatuluka, kamera itsalira pachitseko cha chipinda chija, ndipo tiona kuti loko ali kunja. Apa palibe magazi, palibe wokuwa, koma munthu sangadzuke pampando asanadziwe ngati mwanayo alimodi m'chipindamo. Musatengere nkhaniyi, pezani yanu. Chimene ndikufuna muone n'chakuti zonse zikuoneka zamasiku onse, kupatula kanthu kamodzi kamene sikali m'malo mwake.

Mnzanu amene asewereyo mumuuze kuti asakokomeze. Ophunzira ambiri amaganiza kuti munthu wosokonezeka maganizo ayenera kutong'ola maso ndi kuseka yekha. Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa kalekale kuti nkhope imodzimodziyo, yosasintha n'komwe, ikatsatana ndi mbale ya supu owonera amaonapo njala, ikatsatana ndi bokosi la maliro amaonapo chisoni. Tanthauzo limabwera ndi chithunzi chimene mwaika pambali pake. Choncho nkhope ikhale phee, ntchito yotsalayo mukaigwira polumikiza zithunzi pakompyuta.

Pa mawu ndiye ndikupemphani kuti mulimbikirepo kuposa pena paliponse. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amawatopetsa msanga. Maikolofoni ya kamera imakhala kutali ndi wolankhula, ndiye tengani foni yachiwiri muibise pafupi naye, kuseri kwa buku kapena pansi pa tebulo, izijambula mawu okha. Poyamba chigawo chilichonse wina awombe m'manja kamodzi kamera ikuona, kuti podzalumikiza mawu ndi chithunzi musadzavutike. Zimitsani firiji ndi fani pojambula. Mukamaliza, aliyense akhale chete mujambule chipindacho chili zii kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi. Chipinda chilichonse chili ndi kaphokoso kake kapansipansi, ndipo kameneka ndi kamene mudzatsekere mipata kuti mawu asamadukeduke. Timaphokoso tina monga kupuma, kulira kwa chitseko, kapena madzi akudontha pampopi, mutijambule patokha muli pafupi, mudzatiike pambuyo pake. Kudontha kwa mpopi kukangosiya mwadzidzidzi, owonera amanyamuka mtima osadziwa chifukwa chake. Nyimbo za oimba otchuka musaikemo, zili ndi eni ake, ndipo mukaika filimuyo pa YouTube akhoza kuitseka kapena kuchotsa mawu. Ngati pali mnzanu wodziwa kiyibodi, kamawu kamodzi kotsika kokokedwa nthawi yaitali n'kokwanira.

Zokonzekera zinazo sizovuta. Tsamba limodzi la sikiripiti, yomwe ndi nkhani ya filimu yolembedwa papepala, limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye yanu isapitirire masamba awiri. Jambulani storyboard, kutanthauza zithunzi zapapepala zoonetsa mmene filimu iyendere, ngakhale ndi tianthu ta timizere, ndipo lembani mndandanda wa zithunzi zonse, kuti tsiku lojambula musamakangane zoti chotsatira n'chiyani. Malo akhale amodzi, osewera asapose awiri, ndipo mwini malo mumupemphe chilolezo pasadakhale. Foni igone chopingasa, ikhale pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), mutseke focus (pamene kamera ikuona bwino) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala) kuti zisamasinthe zokha pakati pa chithunzi. Mukasankha mafelemu (tizithunzi timene kamera imatola) 24 kapena 25 pa sekondi, mukhale pomwepo mpaka kumaliza. Anthu awiri akamalankhulana, kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wowalumikiza, chifukwa mukawoloka adzaoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi. Mdima musaufune pozimitsa zonse. Nyale imodzi yochokera m'mbali, yowalitsa theka la nkhope, imaopsa kuposa chipinda chabii. Mukadalira zenera, kumbukirani kuti dzuwa likuyenda, ndipo chithunzi cha m'mawa sichidzagwirizana ndi cha madzulo.

Chinanso, ichi ndi chiyambi cha filimu, si trailer (kakanema kotsatsa filimu) ndipo si filimu yonse yofinyidwa. Musathamangire kuyankha funso lanu. Komabe inu eni ake muyenera kudziwa mathero a nkhani yonse, ngakhale simudzawajambula, chifukwa n'zimene zingakuuzeni choyenera kuonetsa koyambirira. Dzina la filimu ndi mayina anu alembedwe ndi zilembo zosavuta kuwerenga, ndipo muyang'anenso pepala la aphunzitsi kuti muone zimene akufuna zionekemo.

Mukalumikiza koyamba, muonetse munthu amene sakudziwa nkhaniyo, inu osafotokoza kanthu. Ikatha mumufunse chimene akufuna kudziwa tsopano. Akatchula funso limene munalemba lija, zatheka. Akatchula lina, bwererani pakompyuta muone chithunzi chimene chamusocheretsa. Storyboard ikatha munditumizire tiionere limodzi musanaitane osewera.