Kwa mayi amene akufunsa za malo a ana ndi ndalama za sukulu ku Mzuzu

Mayi, mwati mwangosamukira ku Mchengautuwa ndi ana awiri, wina wa zaka 6, wina wa Sitandade 4. Kusukulu ya boma akuuzani kuti malo adadzaza, kenaka akuti mupereke ya chitukuko, ndiye mukufunsa kuti kodi ndalama za boma zimapita kuti. Mafunso anuwa ndi omangana, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene sukulu imalandira chimatsata chiwerengero cha ana amene ali m'kaundula.

Tiyambe ndi malo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidanena kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Choncho mawu oti "kwadzaza" sangakhale mapeto a nkhani. Aphunzitsi aakulu akhoza kukulozerani sukulu ina yapafupi imene ili ndi mpata, koma mwana asakhale pakhomo. Mukapitenso m'mawa ndithu, mukakumane ndi ahedi kapena achiwiri awo, osati kufunsa kwa mphunzitsi amene mwangokumana naye pabwalo. Wa zaka 6 uja mumutengere chiphaso chobadwira cha ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika, ndipo ngati palibe, buku lake la kusikelo limathandiza kutsimikiza msinkhu. Wa Sitandade 4 afunika kalata ya transifa yodindidwa kusukulu imene akuchokera, pamodzi ndi lipoti la teremu yatha. Popanda kalatayi ambiri amavutika, ena mpaka amayesedwa mayeso n'kubwezedwa kalasi. Yunifolomu isakulepheretseni, mwana akhoza kuyamba ndi zovala za kunyumba inu mukusakasaka.

Polembetsa, yang'anitsitsani mmene alembera dzina ndi tsiku lobadwa. Zilembo zikasokonekera lero, vuto limadzaonekera mu Sitandade 8 polembetsa mayeso a MANEB, dzina la pasukulu litasiyana ndi la pachiphaso, ndipo kukonza nthawi imeneyo n'kotopetsa.

Akakukanizanibe, musakangane nawo. Funsani kuti sukuluyo ili mu zoni iti, mupite ku TDC, likulu la aphunzitsi a zoniyo, mukaonane ndi a PEA, amene ndi mlangizi wa sukulu zonse za m'deralo. Iwo amadziwa kumene kuli mpata ndipo mawu awo amamveka kwa ahedi. Zikakanika pamenepo, pali ofesi ya maphunziro ya mzinda wa Mzuzu, imene ambiri amaitchulabe kuti kwa a DEM. Ku Northern Education Division musapiteko ndi nkhani ya pulayimale, kumeneko n'kwa masekondale.

Kudzaza kumene akunenako si bodza ayi. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu, koma wa 2018 adapeza opitirira 220,000. Madera ngati Mchengautuwa, Chibavi, Zolozolo ndi Masasa akukula msanga kuposa mmene midadada ya sukulu ikumangidwira. Muyezo wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Tiyerekeze sukulu ya ana 2,400: ikufunika aphunzitsi 40 ndi zipinda 40. M'tauni aphunzitsi amatha kukhalapo okwanira ndithu, koma zipinda zili 20, ndiye mumapeza aphunzitsi awiri akusinthana m'chipinda chimodzi cha ana oposa 100. N'chifukwa chake sukulu zina zimagawa ana, ena m'mawa ena masana. Kwina amaphunzirira pansi pa mtengo, koma Mzuzu ndi mvula yake ija, komanso chisanu cha mu Juni ndi Julayi, kalasi ya panja imataya masiku ambiri. Akakupatsani mwayi wosankha, wamng'onoyo mumupemphere ya m'mawa.

Tsopano za ndalama, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono. Anthu amaganiza kuti boma limatumiza thumba limodzi kwa ahedi. Sizili choncho. Malipiro a aphunzitsi sadutsa pasukulu, amalowa ku akaunti ya mphunzitsi aliyense. Mabuku ophunzirira amabwera ali mabuku kale, osati ndalama, ndipo silabasi yake imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kumanga midadada kumadalira khonsolo, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), mipingo imene ndi eni sukulu monga Sinodi ya Livingstonia ndi Dayosizi ya Mzuzu, kapena mapulojekiti a boma ndi mabungwe. Ndalama imene imalowadi ku akaunti ya sukulu ndi imene amaitcha SIG, thandizo lotukulira sukulu, ndipo imadzera ku khonsolo.

SIG siigwiritsidwa ntchito mwachisawawa. Chaka chilichonse sukulu imayenera kulemba pulani yake, SIP, pamsonkhano wa aphunzitsi, komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), amayi a mother group (gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu), atsogoleri a m'dera ndi ana ena oimira anzawo. Pulaniyo imapita kwa a PEA kenaka ku ofesi ya maphunziro kuti ivomerezedwe. Kagawidwe kake kali motere: theka limapita ku zokweza maphunziro m'kalasi, monga choko, mapepala, zolembera, makaundula ndi maphunziro a aphunzitsi pasukulu pomwepo, magawo 40 pa 100 ndi othandiza kuti ana onse afike ndi kukhalitsa pasukulu, monga kukonza zimbudzi, madesiki ndi kuthandiza ana amasiye, magawo 10 otsalawo ndi a kayendetsedwe ka sukulu. Ndiye mwachitsanzo sukulu italandira K1,000,000, ndiye kuti K500,000, K400,000 ndi K100,000. Mugawe K1,000,000 imeneyo kwa ana 2,400 aja, mupeza kuti mwana mmodzi sakufika ngakhale K500 pachaka chonse. Mukatero mumvetsa chifukwa chake ndalamayi singamange chipinda.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi nthawi. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba mu Epulo, chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, ndipo SIG kawirikawiri imafika mochedwa, mitengo ya simenti ndi mapepala itakwera kale kusiyana ndi imene idalembedwa mu pulani. Chachiwiri ndi malisiti. Sukulu ikalephera kuonetsa mmene idagwiritsira ntchito ndalama yapita, yotsatira imaimitsidwa, ndipo olangika ndi ana. Chachitatu ndi chiwerengero. Unduna umawerenga ana kamodzi pachaka kudzera m'kalembera wa sukulu, ndipo ahedi amatumiza malipoti kwa a PEA. Mabuku, aphunzitsi ndi gawo lina la ndalama zimawerengedwa potengera manambala amenewo. Mwana amene walowa pakati pa chaka amadya za anzake kufikira kalembera wotsatira. Woipitsitsa ndi mwana amene akungokhala m'kalasi koma sadalembedwe m'kaundula, chifukwa ku boma iyeyo kulibe. Choncho musavomere zoti "azingobwera kaye, tidzamulemba." Muone ndi maso anu dzina litalowa m'kaundula wolembetsera komanso m'rejisitala ya kalasi yake.

Za ya chitukuko ija. Sukulu ya m'tauni ili ndi mabilu amene ya kumudzi ilibe: madzi a Northern Region Water Board, mayunitsi a ESCOM, alonda a usiku, kupopa zimbudzi zikadzaza. Pampopi akadula madzi pasukulu ya ana zikwi ziwiri, sabata siitha matenda otsekula m'mimba asanayambe. Apa ndi pamene makomiti amatembenukira kwa makolo. Ife sitinganene kuti kusonkha n'kolakwa, koma pali malire ake. Ndalamayo iyenera kugwirizanidwa pamsonkhano wa makolo, ilembedwe m'maminitsi, aliyense wopereka alandire lisiti, ndipo isakhale chiphaso cholowera m'kalasi. Kubweza mwana kunyumba, kumumana mayeso kapena kumubisira lipoti chifukwa kholo silidapereke n'kusemphana ndi mfundo ya maphunziro aulere, ndipo nkhani yotere ndi yopita nayo kwa a PEA. Ngati simungathe pakadali pano, kambiranani ndi wapampando wa komiti. Makomiti ambiri amalola kupereka pang'onopang'ono kapena kugwira ntchito, monga kututa mchenga ndi kuphika phala.

Mukafuna kudziwa ngati ndalama zikuyenda bwino, simufunika kukhala akauntanti. Funsani kuti SIP ya chaka chino ili kuti, SIG idalowa liti ndipo inali zingati. Sukulu yoyenda bwino imamata zimenezi pa bolodi poonekera. Funsani amene amasainira ku banki, chifukwa ahedi sayenera kusaina okha popanda a komiti. Pogula katundu payenera kukhala makoteshoni atatu ochokera m'masitolo osiyana, ndipo katundu akafika alembedwe m'buku la sitoko asanagawidwe. Pamene zinthu zimaonongekera nthawi zambiri si pakuba kwenikweni, koma pa komiti imene idasankhidwa kalekale, siikumana, ndipo imangosaina mapepala amene yapatsidwa. Makolo a m'tauni nawonso tili ndi vuto lathu: tsiku la msonkhano wa SIP tonse tili ku msika kapena ku ntchito, pulani n'kulembedwa ndi anthu khumi. Tsiku limenelo ndi limene zimasankhidwa kuti chaka chino tikonza zimbudzi za atsikana kapena tipenta ofesi, ndiye mukamva kuti laitanidwa, tsekani kaye geni kwa maola awiri.

Pa zipangizo za ana anu, mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 ndi a pulogalamu ya kuwerenga imene idayamba mu 2016, ndipo ndi aulere. Mukawaona pamsika, dziwani kuti achoka m'manja mwa mwana wina. Sukulu zina zimawatsekera m'kabati poopa kung'ambika, koma buku la m'kabati siliphunzitsa munthu, choncho pemphani mphunzitsi kuti mwana azibwereka, inu musaine ndi kulikutira bwino. Makope, mapensulo ndi chikwama cha pulasitiki choteteza ku mvula ndi zanu. Ngati ana anu adazolowera Chichewa, mabuku sawavuta, ngakhale anzawo pabwalo azicheza m'Chitumbuka, ndipo pakatha miyezi yochepa adzakhala akukuphunzitsani inuyo. Za phala, si sukulu zonse zili nalo, mufunse, ndipo ngati lilipo mwana azinyamula kapu yake.

Simudanene ngati mwa anawa alipo amene ali ndi vuto la kuona, kumva kapena kuphunzira mochedwa, koma ngati alipo munene tsiku lolembetsa lomwelo kuti alembedwe motero. A PEA adzakulozerani sukulu imene ili ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Kuno kumpoto kuli malo a ana osaona ku Ekwendeni, sukulu ya ana osamva ku Embangweni, ndipo a St John of God mu Mzuzu momwemuno amathandiza ana amene akukula movutikira. Ngati pakhomo pali posowa kwambiri, dzina la mwana lifike kwa amayi a mother group, chifukwa ndi iwo amene amadziwa ana ofunika kuthandizidwa kuchokera m'gawo lija la magawo 40.

Mawa mukamapita, nyamulani makalata onse ndi mafotokope ake, ndipo mulembe penapake tsiku ndi udindo wa amene mwalankhula naye, kuti mukafika ku TDC mukafotokoze zogwirika.