Thandizo la zida ku Ukraine silidapite m'madzi

Achimwene, mukuda nkhawa kuti ndalama zimene America idaika pothandiza Ukraine pa nkhondo yake ndi Russia zidangowonongeka ngati za ku Afghanistan. Kwa ine sizidapite m'madzi ayi, ngakhale ndi zambiri zedi. Mu Epulo 2024 aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, adavomereza pafupifupi madola 61 biliyoni, koma gawo lalikulu silidatuluke m'dzikomo. Lidapita ku mafakitale a ku America komweko kukapanga zida zatsopano zolowa m'malo mwa zimene zidatumizidwa. Komanso America sidatumize asilikali ake kukamenya nawo nkhondoyo.

Nkhawa yanu ndikuimva ndithu. Ndatsatira nkhanizi zaka zambiri, ndipo za ku Afghanistan zimandiwawabe. America idathira madola oposa 80 biliyoni pomanga gulu la asilikali a dzikolo, koma mu Ogasiti 2021 Kabul, likulu la dzikolo, idagwa mosavuta, zida zambirimbiri n'kutsala m'manja mwa a Taliban, gulu lomwe lidalanda boma. Kumeneko boma lidali lofooka ndi katangale. Koma a ku Ukraine akhala akumenyera dziko lawo molimba mtima kuyambira Febuluwale 2022.

Ngati ziwerengerozi mukuzifunira kafukufuku kapena mtsutso wa pagulu, kaonaneni ndi katswiri wa zachuma kapena wa ubale wa mayiko, chifukwa ndalama zolonjezedwa ndi zoperekedwadi sizifanana.