Tsiku limodzi m'tauni ya kunyanja: yambani ndi madzi, zina zitsatire

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa momwe angakonzere tsiku limodzi lokacheza m'tauni yokopa alendo ya m'mphepete mwa nyanja. Akuti apita ndi ana awo awiri komanso mayi awo okalamba, ndipo akufuna kukwera boti, kusambira, kuona nyumba yosungiramo zinthu zakale, kugula mphatso ndi kuonerera dzuwa likulowa, koma sakudziwa poyambira.

Mayi, zambiri mwa zimene mwatchulazi n'zotheka, koma dongosolo lake muliyale potsata mphepo ndi dzuwa. Dzuwa likakwera, mtunda umatentha msanga kuposa madzi, choncho mpweya wotentha wa pamtunda umakwera m'mwamba ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kugombe kukalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake panyanja zambiri pamakhala bata m'mawa, kenaka mafunde amayamba kukula chakumasana. Ulendo wa paboti ukhale woyamba, cha m'ma 8 koloko, pamene ana sanatope ndiponso agogo sangavutike ndi kugwedezeka kwa boti. Komabe nyanja iliyonse ili ndi khalidwe lake. Panyanja ya Garda ku Italy, mphepo yotchedwa Pelér imawomba kuchokera kumpoto usiku mpaka m'mawa, ndipo masana imabwera ina ya kummwera yotchedwa Ora, moti kumeneko m'mawa si nthawi yabata ayi. Choncho dzulo lake imbirani foni oyendetsa maboti kapena a pamalo ogona alendo n'kuwafunsa nthawi imene mphepo imadzuka, chifukwa iwo amaiona tsiku ndi tsiku.

Musanalipire, onani ndi maso anu ngati majekete oyandamitsa munthu alipo okwanira aliyense, kuphatikizapo a msinkhu wa ana, pakuti jekete la munthu wamkulu limatha kuvuka mwana akagwera m'madzi. Ngati botilo likukusiyani pachilumba kapena tsidya lina, funsani nthawi ya ulendo womaliza wobwerera, muilembe, ndipo mukonze zokwera ulendo umene umanyamuka womalizawo usanafike. Womalizawo umadzaza kawirikawiri, ndipo nyengo ikasintha ndi umene umayamba kuimitsidwa.

Kusambira kubwere mukangotsika m'boti. Sankhani gombe limene anthu ena akusambirapo, makamaka lokhala ndi olondera osambira. Madzi a m'nyanja zopanda mchere sayandamitsa thupi mofanana ndi a m'nyanja zamchere, ndipo pansi pake pamatha kutsetsereka mwadzidzidzi, moti mwana amene madzi akumulekeza m'chiuno atha kumira atangosuntha pang'ono. Munthu wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito yoyang'ana ana basi, foni ili m'chikwama, chifukwa mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa. M'maiko otentha muli vuto linanso la likodzo, lomwe tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi odekha okhala ndi bango ndi udzu, n'kulowa kudzera pakhungu. Malo otero apeweni, ndipo mukasamba m'nyanja yomwe imadziwika ndi matendawa kaonaneni ndi achipatala mukabwerera. M'maiko ozizira choopsa ndi madzi osafika madigiri 15, omwe amabanikitsa munthu akangodumphiramo ngakhale kunja kukutentha.

Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana cheza cha dzuwa chimawotcha khungu kwambiri, ndipo mitambo yopyapyala sichitchinga. Chizindikiro chake n'chosavuta: chithunzithunzi chanu chikafupika kuposa msinkhu wanu, pitani pamthunzi. Mafuta oteteza khungu a SPF 30 (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa) kapena kuposa apo adzoledwe maola awiri alionse komanso mukatuluka m'madzi. Nthawi imeneyi ndiyo yodya nkhomaliro mosafulumira ndi kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ija, koma mutsimikize kuti yatsegulidwa, popeza zambiri zimatseka tsiku limodzi pasabata, kawirikawiri Lolemba. Ine ndingasiye ola lathunthu lopanda chochita chilichonse, loti agogo apume ndipo ana agone, ngakhale ndikudziwa kuti munthu amene walipira ulendo amaona ngati kupuma n'kutaya ndalama.

Ngati pali choti chichotsedwe, chotsani kugula mphatso, kapena mungokupatsa mphindi zochepa chakumadzulo poyenda kupita kugombe. Za kulowa kwa dzuwa, yang'anani mapu: ngati tauniyo ili kugombe la kummawa, dzuwa lidzalowera pamadzi, koma ngati ili kugombe la kumadzulo lidzalowera kumtunda, mwina kuseri kwa mapiri nthawi isanakwane, ndipo chokongola kumeneko ndi kutuluka kwake m'mamawa.

Mukhalenso ndi chochita china cha m'nyumba chodikira mvula. Mukangomva bingu, aliyense atuluke m'madzi n'kulowa m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo mudikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza musanabwerere kugombe. Mvula ikayamba m'mawa, sinthanitsani: yambani ndi nyumba ya zinthu zakale, ndipo za boti mukazione masana pokhapokha oyendetsa ake atanena kuti nyanja yadekha.