Buku la zithunzi ndi limodzi, ana oposa 100: lingaphunzitse kuwerenga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa Sitandade 2 m'boma la Phalombe. Analemba kuti: "Ndapatsidwa buku la zithunzi la nkhani ya mudzi wina. Anthu ake anadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, madzi anakokolola minda, kenako anagwirizana zobzalanso. Bukuli ndi limodzi, ana anga ndi oposa 100. Kodi lingandithandize kuphunzitsa kuwerenga, kapena ndingotaya nthawi?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Simutaya nthawi ayi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi odzaza chonchi ndiwo takhala nawo, ndipo mphunzitsi wodikira kuti mwana aliyense adzagwire buku lake adzadikira mpaka kupuma pantchito.

Koma ndiyambe ndi chenjezo. Mabuku a pulogalamu ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, anasanja malembo ndi maphatikizo mwandondomeko. Musawasiye. Buku lanu la zithunzi likubwera kudzagwira ntchito ina: kumasula pakamwa pa ana, kuwapatsa mawu, ndi kuwaonetsa kuti malembo amanyamula nkhani. Pali ana ambiri amene amaimba ma, me, mi, mo, mu ngati nyimbo ya kwaya, koma mukawafunsa zimene awerenga amangoyang'ana pansi.

Tsiku loyamba musawerenge chilichonse. Tulukani nawo pamthunzi, akhale ngati mmene amakhalira pomvera nthano madzulo. Yambani ndi "Padangokhala," iwo ayankhe "Tili tonse." Tsegulani tsamba, muyende nalo pang'onopang'ono pakati pawo, kuti wakumbuyo nayenso alione. Funsani: mukuona chiyani? Mtengo uwu ndi wanji? Mayi uyu akupita kuti ndi ndowa? Mudzadabwa. Mwana amene m'kalasi satsegula pakamwa akhoza kukuuzani kusiyana kwa msangu ndi mbawa, chifukwa amaweta mbuzi pansi pake. Ameneyo tsiku limenelo ndiye katswiri, ndipo mumulole alankhule mpaka amalize.

Tsopano pano ndi pamene ambiri timaphonya. Mwana akaona chithunzi cha mtengo n'kunena "mtengo," sanawerenge. Wangoona. Ife timasangalala, timamuwombera m'manja, koma mawa mawu omwewo akawapeza pabolodi popanda chithunzi amasowa pogwira. Choncho tsiku lachiwiri sankhani mawu ochepa a m'nkhanimo, asanu kapena asanu ndi limodzi, muwalembe ndi malembo akuluakulu pa zidutswa za katoni. Buku litsekedwe. Tengani "madzi" ndi "mudzi." Akusiyana lembo limodzi lokha, ndipo mwana sangawalekanitse polota, ayenera kuyang'anitsitsa. Aduleni: ma-dzi, mu-dzi. Kenako "mvula," "nkhuni," "mtsinje." Mawu amenewa ali ndi mv, nkh ndi ts, malo amene ana a Sitandade 2 amapunthwa kawirikawiri, koma popeza dzulo anawatchula okha pokamba nkhani, sakhala achilendo m'khutu mwawo. Akatha, tsegulaninso buku, mwana mmodzi abwere adzaloze pamene pali mawu akuti "mudzi" patsambalo. Nkhope yake akawapeza simudzaiwala.

Za kuchuluka kwa ana, agaweni m'magulu. Gulu lina lili ndi buku, ena akusanja makatoni, ena akujambula pansi ndi kamtengo mtsinje wa kwawo n'kulemba dzina lake. Buku lizungulire sabata yonse.

Pali china chimene chandikhudza kwambiri mu imelo yanu. Ku Phalombe ndi ku Mulanje nkhani ya madzi okokolola si nthano. Namondwe wa Freddy anadutsa kumeneko mu Malichi 2023, ndipo m'kalasi mwanumo mungakhale ana amene anataya nyumba, mwinanso abale. Mukafika patsamba la madzi osefukira, pitani mofatsa. Wina akangoti zii, musamukakamize. Wina akafuna kufotokoza, mumvetsereni, ndipo ngati wavomera, lembani chiganizo chake chimodzi pabolodi monga mmene wachinenera. Ana amawerenga msanga mawu otuluka pakamwa pa mnzawo.

Ndikupemphaninso, musalole phunziro lisanduke bwalo loweruza makolo. Ena mwa anawo kope ndi yunifomu zinachokera mu thumba la makala. Mukangoti odula mitengo ndi anthu oipa, mwana wamva kuti mukunena bambo ake, ndipo bukulo walida. Funsani m'malo mwake kuti anthu a m'nkhanimo ankaphikira chiyani, nanga anagwirizana bwanji, amfumu anati chiyani, anabweretsa mbande ndani.

Nyengo yobzala mitengo imayamba mu Disembala mpaka Epulo. Mukapeza mbande ngakhale zitatu, bzalani ndi anawo kuseri kwa kalasi. Iwo alembe okha dzina la mtengo pa kathabwa, alikhome pambali pake, ndipo ngati lembo lina lapendekeka lisiyeni choncho. Mukadzayesa, mundilemberenso, makamaka mundiuze mawu amene anawavuta.