Kuseka amaseka, kungoti sasekera pomwe ife tikusekera

Achemwali amene mwafunsa za mwana wanu wa zaka 9 uja, kuti adokotala anakuuzani kuti ali ndi autism (ubongo kukula mosiyana ndi ena, moti kumvana ndi kucheza ndi anthu kumavutirapo), nde anthu akamaseka iye amangoti duu, amalume ake akamuseleula amalira mpaka kukadzitsekera kubafa, koma pena mumamupeza akuseka yekha, nde mukufunsa ngati ana otere nthabwala amazimva. Makomenti ndawerenga onse, ena akuti mwamulera monyengerera, ena ayamba kale zoti analodzedwa (izi nde tinazimva mpaka kutopa nazo, kumudzi anafika ponena kuti bambo ake anamukhwimira kuti ntchito iziyenda ku Joni kuno, chonsecho tikukhala mu rumu imodzi ya lendi). Ine ndikuyankhani ngati mayi mnzanu. Wanga ali ndi zaka 15 pano, tinadziwa ali ndi 6 konkuno. Ndimaluka tsitsi ku Rosettenville, lero makasitomala kulibe, nde mundipirire ndilemba zambiri.

Kuseka amaseka achemwali, ndipo wanga akayamba kuseka mpaka amagwa pa sofa. Chimene chimavuta ndi mayankhulidwe athu aja otembenuza, oti pakamwa ukunena china mumtima ukutanthauza china.

Ali ndi zaka 7, tsiku lina ndili pampando ndikuluka kasitomala, manja onse ali mu meshi, iye wabwera ndi poto amene ndinamutuma kwa aneba. Akuti amayi ndiike pati. Ine ndi kutopa kuja ndinangoti "ika pamutu pangapa". Mukudziwa mmene timayankhira ana tikatopa. Mwana anayenda bwinobwino, kudzuka pa zala, kundikhazika poto pamutu, kumugwiriranso kuti asagwe. Kasitomala anaseka mpaka misozi, ine ndinamukalipira kuti ndi wamwano. Analira usiku onse, ndipo chimene ankabwereza ndi chimodzi, "munanena nokha, munanena nokha". Ndinagona ndikuganiza, nkupeza kuti zoonadi ndinanena ndekha. Mwana wachita ndendende zimene mayi ake amuuza, malipiro ake kusekedwa ndi mlendo komanso kukalipiridwa.

Mmene zimakhalira ndi motere. Munthu akamanena kuti "wachita bwino" iwe utaphwanya mbale, tanthauzo silili m'mawuwo, lili mu kamvekedwe ka mawu, nkhope, maso, ndi zimene zangochitikazo. Ifeyo timatola zonsezi kamodzinkamodzi osaganizira nkomwe. Anthu ambiri a autism amayamba agwira mawu enieniwo, zinazo zimabwera mochedwa olo osabwera kumene. Komanso ambiri kuyang'ana munthu m'maso kumawasowetsa mtendere, nde katsinzinidwe ka diso kaja kosonyeza kuti ndikungocheza kamawadutsa. Ndipo musaiwale kuti olo ana opanda autism zotembenuzazi amayamba kuzigwira ali ndi zaka za m'ma 6, nkutenganso zaka zina kuti azimva kuti nzoseketsa. Wanu wa zaka 9 sanachedwe ngati mmene mukuopera.

Nde Chichewa chathuchi mwadzaza zining'a bwanji. Ndafa ine, wadya ndalama za gulu, watsamira mkono, ndikupha lero. Ya "ndikupha lero" ndinasiyiratu chifukwa anakabisala kuseri kwa fuliji zenizeni akunjenjemera. Kunja nakonso a kuno amati now now pomwe akutanthauza nthawi ina iliyonse, iye amaima pakhomo kudikira. Mwana mmodzi, kunyumba Chichewa, kusukulu Chingerezi, pa msewu Chizulu, chiyankhulo chilichonse ndi makhotedwe ake.

Yomwe timaseka mpaka pano ndi ya agogo ake. Amayi anga kumudzi ku Ntcheu akaimba vidiyo pa WhatsApp ankamuti "amuna anga muli bwanji, mwandigulira chitenje?" monga achitira agogo onse ndi adzukulu. Mnyamata anakana foni miyezi ingapo. Nditamufunsa bwinobwino anandiuza nkhope ili gwa kuti iye ndi mwana, sangakwatire, komanso agogo ndi m'bale wake nde nzosaloledwa kkkk. Ndinakhala naye pansi nkumufotokozera kuti kwathu kuli anthu amene mwambo umalola kuseleulana, agogo ndi mdzukulu, asuweni, alamu, ndipo palibe ukwati uliwonse pamenepo. Anafunsa mafunso ngati wapolisi, asuweni a mbali iti, nanga akakhala aakulu, nanga ndikakwiya. Atamvetsa kuti ndi lamulo la masewera, basi. Pano ndi iyeyo amayamba, amawauza agogo kuti chitenje adikire kaye malipiro sanatuluke.

Pamenepo mpamene ndinaphunzira kuti zambiri zimene ife tinangozitola osadziwa, iye amaziphunzira ngati masamu. Zimalowa, kungoti pafunika wina amuuze poyera. Si onse ali chimodzimodzi ayi, alipo a autism ena amene zotembenuza amazimva msanga nkumazikondanso, ena ngakhale atakula amafunabe kufunsa kuti mukunena zoona kapena mukucheza. Nchifukwa chake pa intaneti muona ena akulemba /s kumapeto kwa chiganizo, kusonyeza kuti atembenuza, chifukwa polemba palibe nkhope palibe mawu. Ife tili ndi kkkk wathu, amagwira ntchito yomweyo.

Maganizo oti anthu a autism alibe nthabwala ndi akale. Dokotala wina wa ku Vienna, Hans Asperger, analemba mu 1944 za ana amene ankawaona, ndipo mwa zina ananena kuti sadziwa nthabwala. Zinakakamira zaka zambiri. Koma lero kuli anthu a autism amene kuseketsa anthu ndi ntchito yawo yodyera, ngati Hannah Gadsby wa ku Australia ndi Fern Brady wa ku Scotland, onse anadziwa atakula kale ndipo amazinena poyera pa siteji. Nde pali Damian Milton, wofufuza wa ku Britain amene nayenso ndi wa autism, mu 2012 anabweretsa mfundo imene ine inandigwira mtima. Iye amati kusamvanaku ndi kwa mbali ziwiri. Timati mwana sakutimva, koma ifenso sitikumumva, kungoti ife tilipo ambiri nde mlandu umagwera iye.

Ndipo nzoona, nthabwala za mwana wanga ndinazidutsa zaka zambiri osadziwa kuti ndi nthabwala, chifukwa amazinena nkhope ili siriyasi, mawu osakwera osatsika. Amakonda mawu a matanthauzo awiri. Tili mu shopu ina ya a Malawi anzathu ku Mayfair ndikufunsa mtengo wa ufa, iye chapansipansi akuti "wa mango". Ndinafika kunyumba ndisanamve. Achibale akaimba nkumati inu a ku Joni mwalemera, iye amayankha kuti eya amayi alemera, akwera sikelo dzulo. Mwaona, mutu omwe uja umene unandikhazika poto ndi umenenso umaona kuti mawu amodzi ali ndi mbali ziwiri pomwe ife tinazolowera sitionanso. Amakondanso zoseketsa zooneka ndi maso, munthu kuterereka, kuvala jekete chotembenuza. Mavidiyo akale a Izeki ndi Jakobo amaonera pa YouTube, koma iye samasekera mawu okuluwika aja amene bambo ake amafa nawo, amasekera mayendedwe ndi mmene akutong'olera maso. Kachigawo kamodzi ka masekondi 10 akhoza kukabwereza ka 30, ndipo ulendo wa 30 amaseka ngati woyamba. Ine zimanditopetsa, sindinama, koma ndinamugulira mahedifoni tinagwirizana.

Zoseka yekhazo musaope. Nthawi zambiri amakhala akubwereza m'mutu china chake chimene chinamuseketsa, mwina cha dzulo mwina cha mwezi watha. Pena nthabwala imamufika mochedwa, anthu anaseka masana iye aseka madzulo ali mu bafa. Mufunseni mwaulemu kuti tandigawireko, mudzadabwa. Pena kusekako ndi mantha olo kupanikizika, wanga anasekapo pa mwambo wa maliro a Mmalawi mnzathu tikuperekeza thupi, ndinachita manyazi koma nditamugwira dzanja linali likunjenjemera. Komanso zongoti duu pagulu, pena si kuti sanamve. Anthu 15 mu rumu yaing'ono onse kuphulika kuseka nthawi imodzi, sipika ili pamwamba, kwa mwana amene makutu ake amamva phokoso mopitirira zimakhala zowawa zenizeni.

Tsopano za amalumewo, apa nde ndiyankhula mosapsatira. Mwana akalira ulendo woyamba, wachiwiri, munthu wamkulu nkumapitirizabe ati kuti azolowere, kumeneko sikucheza. Auzeni mwaulemu koma momveka. Sakuyenera kusiya kucheza naye ayi, angosintha pang'ono, akanena chotembenuza azimaliza ndi "ndikuseleula" pompo, asadikire kuti mwana alire kaye. Ndipo asamamunamize zoopsa ngati tikusiya pa Park Station olo apolisi akubwera kudzakutenga, kwa iye zimenezo ndi zenizeni, ndipo kuno nkhani ya apolisi ndi mapepala mukuidziwa nokha mmene ana athu amaimvera tikamakambirana. Kwathu mawu oti "ndikuseleula" anasanduka ngati loboti, akamveka aliyense amadziwa kuti msewu watseguka. Naye ali ndi ufulu ofunsa "zoona kapena zocheza?" nthawi ina iliyonse, ndipo palibe amaloledwa kumuseka pofunsapo.

Chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse kwambiri ndi kusukulu. Vuto losasiyanitsa lili ndi mbali inanso yoipa kuposa kulira. Wanga ali mu giredi 5 ankabwera osangalala kuti wapeza anzake, amamuuza avine iwo nkumajambula pa foni akuseka. Iye ankaona ngati akuseka naye, chonsecho akumuseka. Ndinadziwira kwa mwana wa aneba amene anaiona vidiyoyo. Ndinapita kusukuluko, zinatheka, koma chovuta chinali kumufotokozera mwana kuti anthu amene amawatcha anzake aja sanali anzake. Tinapangana kayezedwe kophweka, ngati iwe wanena kuti siyani iwo nkusiya, ndi macheza. Ngati sakusiya, olo nthawi zonse osekedwa ndi iwe wekha, ukanene.

Komanso musamukakamize kuseka. Ambiri akamakula amaphunzira kuseka pongoona kuti ena aseka, kuti asaoneke achilendo, koma zimawatopetsa koopsa, amafika kunyumba ali ofooka olo okwiya ngati agwira ganyu tsiku lonse. Wanga anandiuza yekha kuti kusukulu amawerenga mpaka 2 kenako nkuseka nawo. Zinandipweteka mumtima.

Ngati mukufuna anthu okuthandizani, fufuzani a Autism South Africa, ali konkuno ku Johannesburg, ndipo pa 2 April chaka chilichonse ndi tsiku la autism padziko lonse nde mwezi umenewo kumakhala zochitika zambiri zokumana ndi makolo ena. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ananenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism, nde mu gulupu muno tilipo angapo, ena angokhala chete.

Sabata yatha ndinapsereza mpunga, ndinatanganidwa ndi foni mpaka utsi kudzaza nyumba. Mnyamata analowa, kusuzumira mu poto, kundiyang'ana nkhope ili gwa, akuti "mwachita bwino amayi". Anadikira pang'ono nkuwonjezera kuti "ndikuseleula". Kenako anafunsa ngati waigwiritsa ntchito pamalo pake. Ndinamuuza kuti eya, koma akayerekeze kwa bambo ake aone.