Kodi "spring" ndi masika?

Funso: Ndikukhala ku London. A zanyengo kuno akuti masiku akubwerawa kukhala nyengo ya "spring" yomwe ili "mild" komanso "settled". Pofuna kuwauza amayi kumudzi ndalemba kuti, "Masika adzakhala ofatsa ndi okhazikika." Kodi ndalondola?

Yankho: Ayi, amayi anuwo sangakumveni. Iwo akamva masika aganiza za maungu, mtedza wofukula kumene, nzimbe ndi chimanga chouma m'munda. Masika ndi nthawi imene dzinja likutsanzika ndipo zakumunda zacha, cha mu Epulo ndi Meyi. Chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti "spring" ya ku Britain imagwera pa Malichi mpaka Meyi, miyezi yofanana ndi masika athu. Koma uko mitengo imakhala ikuphukira kumene pamene kuno tikukolola. Amene ali ku Johannesburg aiona "spring" mu Seputembala, kwathu chilimwe chitalowa, nkhokwe zitadzala kale. Cholakwa chomwechi chimachitika anthu akamati "winter" ndi dzinja. Dzinja ndi nyengo ya mvula, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi ndi chisanu.

Nenani kuti nyengo ya mphukira, kapena nthawi imene mitengo ikuphukira. Amayi aimva msanga chifukwa amaidziwa: chisanu chikamatha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba anthete ofiirira mvula isanagwe n'komwe.

Kufatsa n'kwa munthu kapena ng'ombe yapangolo. Za kunja timazinena ndi ku-: kukuzizira, kwatentha, kwafunda, kwachita mitambo. Choncho "mild" ndi "kukhala kofundirako", kapena "sikuzizira kwenikweni, sikutenthanso". Apa samalani. Mzungu wa ku London akaona madigiri 15 masana amavula jekete n'kukakhala panja, pamene kwa munthu wa ku Salima kapena ku Nsanje madigiri 15 ndi chisanu chofuna juzi ndi moto. Mukangoti "kwafunda", amayi aganiza za kufunda kwa kwathu. Tchulani nambala ya madigiri, kapena yerekezani ndi m'mawa wa mu Juni ku Dedza dzuwa litakwerako.

Pa "settled" mawu abwino tili nawo kale, ndiwo bata. Asodzi a kunyanja amalidziwa bwino: mwera ukaleka kuwomba, mafunde n'kugona, madzi ali phee, amati nyanja yachita bata. "Kukhazikika" kusiyireni mtima ndi munthu amene wapeza malo. Mukhoza kuwonjezera zimene kulibe, monga mvumbi, mawawa kapena mphepo yamkuntho, ndipo ngati kuli kamphepo kochepa kokoma, ndiko kamphepo kayaziyazi.

Kanthu kena ndi -dza- wa mu "adzakhala". Kamakankhira zinthu patsogolo, ngati mwezi wamawa kapena chaka chamawa. Za lero ndi sabata yomwe ino zimamveka bwino popanda iko: "kukhala bata", "kugwa mvula".

Uthenga wanu ukhoza kukhala wotere: "Amayi, kuno chisanu chatha, mitengo yayamba kuphukira. Masiku akubwerawa kunja kukhala bata, kopanda mvula kapena mphepo yamphamvu. Masana kuzifundirako mpaka madigiri 15, ngati m'mawa wa mu Juni kwathuko, koma usiku tikufundabe mabulangete awiri."